Phiri, mango ndi galu wakuda: momwe zithunzi zitatu za penti wa akriliki zikuyendera

Tsiku loyamba: kukonza popaka

Zithunzi ndi zitatu ndipo zikuyendera limodzi, kuti china chikamauma dzanja likhale pa chinzake. Choyamba ndi Phiri la Mulanje monga limaonekera munthu ali m'minda ya tiyi, pa chinsalu cha masentimita 60 m'litali ndi 45 m'lifupi. Chachiwiri ndi mango asanu m'lichero pambali pa mtsuko, pa hadibodi ya masentimita 30 ndi 25. Chachitatu ndi mutu wa galu wakuda wachikuda, pa chinsalu cha masentimita 40 mbali zonse.

Penti wa akriliki, wosungunulidwa ndi madzi ndi wouma msanga, ali m'machubu 7 okha: titanium white (woyera), cadmium yellow (wachikasu chowala), yellow ochre (wachikasu cha dothi), cadmium red (wofiira), burnt sienna (wa bulawuni wofiirira), burnt umber (wa bulawuni wodera) ndi ultramarine blue (wa buluu). Wakuda wogula palibepo, ndipo sakufunika ngakhale pa galu.

Chinsalu chakokedwa pa felemu kuyambira pakati pa mbali iliyonse: sitepulo imodzi pakati kumtunda, ina pakati kumunsi, kenako kumanja ndi kumanzere, n'kumapita kumakona pang'onopang'ono, masitepulo atatalikirana masentimita 5. Makona amapindidwa pomaliza. Ukayambira pakona n'kumazungulira, nsalu yotsala imakaunjikana pakona yomaliza n'kuchita makwinya osachoka. Chinsalu chokokedwa bwino chimalira ngati ng'oma ukachigogoda ndi chala.

Hadibodi yapalidwa ndi sandipepa kumbali yosalala kuti gesso, penti woyera wa maziko, agwire. Gesso wapakidwa makoti atatu, yoyamba chopingasa, yachiwiri chotsika, yachitatu chopingasanso, kudikira ola limodzi pakati pake. Kumbuyo kwa hadibodi kwapakidwanso koti imodzi, chifukwa bodi yonyowetsedwa mbali imodzi yokha imapindika ngati chigoba. Penti wa madzi wopaka m'nyumba amatha kulowa m'malo mwa gesso pa bodi yongoyesererapo, koma amamwa penti kwambiri, ndipo pa chinsalu amang'aluka chikapindidwa.

Tsiku lachiwiri: kupha kuyera

Chinsalu choyera mbee chimanyenga diso. Mtundu uliwonse woikidwa pamenepo umaoneka wakuda kuposa momwe ulili, munthu n'kumangowonjezera penti woyera mpaka chithunzi chonse kutuwa. Choncho chinsalu cha phiri ndi hadibodi zapakidwa burnt sienna wosungunulidwa ndi madzi, wopyapyala ngati tiyi wopanda mkaka, n'kupukutidwa ndi kansalu. Cha galu chapakidwa mtundu wa phulusa, wosakaniza white, ultramarine ndi burnt umber.

Chithunzi chilichonse chajambuliridwa pa kapepala tizithunzi titatu ta pensulo, tating'ono ngati bokosi la machesi, tokhala ndi magawo anayi okha: powala, powala pang'ono, podera, pakuda. Pa phiri dongosolo latuluka motere: thambo ndilo lowala koposa, minda ya tiyi yowombedwa ndi dzuwa ikutsatira, kenako phiri, ndipo pakuda penipeni ndi mitengo ya pafupi ndi mithunzi yake. Kapepala kameneka kamatidwa pamwamba pa felemu kuti kazioneka nthawi zonse.

Mbale yosakanizirapo penti yakonzedwa kuti isamaumitse: thireyi ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, pansi pake kansalu konyowa kopindidwa kanayi, pamwamba pake pepala lophikira makeke. Chinyezi chimadutsa m'pepalalo pang'onopang'ono ndipo penti amakhala wofewa masiku awiri kapena atatu. Kansalu kakakhala ndi madzi ochuluka penti amasungunuka n'kuyenderera, ndipo kakakhalitsa sabata osachapidwa kamachita nkhungu.

Tsiku lachitatu: thambo

Chithunzi cha pafoni chomwe chikutsatiridwa chinajambulidwa chakumadzulo kwa phiri, dzuwa litapendeka, mvula yoyamba itatsuka utsi wa moto wa tchire. Nthawi imeneyi yasankhidwa dala. M'mawa dzuwa limatulukira kuseri kwa phiri, thanthwe lonse n'kukhala mumthunzi umodzi. Masana a mu Novembala dzuwa limakhala paliwombo, mithunzi imathawira pansi pa mitengo ndipo phiri limaoneka ngati khoma lathyathyathya. Cha m'ma 4 koloko madzulo ndi pamene thanthwe la Chambe, la kumadzulo kwa phirili, limawala ndipo zigwembe zimada.

Mzere womwe minda imathera waikidwa masentimita 15 kuchokera pansi, osati pakati pa chinsalu. Phiri lajambulidwa ndi burashi yaing'ono ndi burnt umber wamadzimadzi, mizere yowongoka yochepa, popanda timiyala.

Thambo lakanika ulendo woyamba. Kukutentha, penti wopyapyala akuuma pasanathe mphindi zisanu, ndipo burashi ikabwerera pomwe payamba kuuma ikukokolola penti n'kusiya mikwingwirima. Chinanso, penti wosakanizidwa anathera pakati, ndipo wosakaniza kachiwiri sanafanane ndi woyamba.

Ulendo wachiwiri zasintha izi. Milu itatu yasakaniziridwatu, uliwonse wokwana supuni yaikulu: wa kumtunda, white magawo anayi ndi ultramarine gawo limodzi, wa pakati, white magawo asanu ndi atatu pa gawo limodzi, wa pafupi ndi phiri, white ndi kadontho ka yellow ochre, ultramarine wongonunkhiza. Chinsalu chawazidwa madzi pang'ono ndi botolo lopopera, penti n'kupakidwa ndi burashi ya masentimita 5, kuyambira kumtunda kutsika osabwerera m'mbuyo. Malire a mitundu afafanizidwa ndi burashi ina youma, yofewa. Thambo lalowa pang'ono mkati mwa mzere wa phiri, kuti phiri lidzapakidwe pamwamba pake pasatsale kampata.

Tsiku lachinayi: mango sadikira

Phiri lidikira, galu ali pa foni, koma mango akupsa. Bango lomwe lero ndi lobiriwira mbali imodzi likhala lachikasu pakutha pa masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake mango apakidwa lero, lichero ndi mtsuko zitsatira.

Tebulo laikidwa pafupi ndi zenera limodzi, kuwala kukuchokera kumanzere. Chitseko chatsekedwa ndipo getsi lazimitsidwa, popeza kuwala kochokera kuwiri kumabala mithunzi iwiri yolimbana. Pomwe pakhala lichero ndi mtsuko palembedwa ndi choko, kuti wina akasuntha zibwerere pamalo pake.

Bango lililonse layamba ndi zigamba zitatu zokha. Kowala: cadmium yellow, white pang'ono ndi kadontho ka cadmium red. Pakati: cadmium yellow ndi yellow ochre. Kumthunzi: yellow ochre, burnt sienna ndi kadontho ka ultramarine. Chikasu chikadetsedwa ndi buluu yekha chimasanduka chobiriwira, bango lakupsa n'kuoneka laliwisi. Burnt sienna ndiye amaletsa zimenezo. Kumunsi kwa mbali ya mthunzi kuli kuwala kobwerera kuchokera m'lichero. Kuwala kumeneku kumakopa kuti munthu akuwalitse mopitirira, koma kuyenera kukhalabe kodera kuposa paliponse pa mbali yowala, apo ayi bango limaphwa. Pakuda koposa ndi kamzere kopyapyala pomwe bango lagunda linzake kapena lichero. Popanda kamzereko mango amaoneka ngati akuyandama.

Cadmium yellow wa machubu otsika mtengo saphimba bwino. Pamwamba pa burnt sienna pafunika makoti awiri, ndipo powala kwambiri payamba paikidwa white, n'kuuma, chikasu n'kubwera pamwamba.

Tsiku lachisanu: phiri lada

Phiri lapakidwa m'mawa ndi ultramarine, burnt sienna ndi white. Pa mbale mtunduwo umaoneka woyenera. Masana litauma lapezeka lakuda kufanana ndi mitengo ya pafupi, ndipo m'malo mokhala kutali likuoneka ngati laima kuseri kwa munda.

Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, akriliki amada akauma. Madzi omata omwe amagwira utoto amakhala oyererako ngati mkaka akanyowa, ndipo akauma amaonekera mkati ngati galasi, utoto n'kuoneka mmene ulili. Kusinthaku kumaoneka kwambiri pa mitundu yodera. Chachiwiri, mutu umadziwa kuti phiri ndi mwala wolemera, nsonga yake ya Sapitwa yofika mamita 3,002, ndiye dzanja limafuna kulipatsa mphamvu ndi penti wakuda. Koma pakati pa diso ndi thanthwe pali mpweya wa makilomita angapo, ndipo mpweya umenewo umayeretsa zakuda, umazimitsa mitundu n'kuikokera ku buluu. Chinthu chikatalikira, kusiyana kwa powala ndi pa mthunzi pake kumachepa.

Choyesera chosanama ndi foni. Chithunzi chajambulidwa n'kuchotsedwa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera, kenako chayerekezedwa ndi kapepala ka pensulo kaja. Phiri lomwe limayenera kukhala pa gawo lachitatu lapezeka pa lachinayi.

Lapakidwanso lonse. Mbali ya mthunzi: white magawo atatu, ultramarine gawo limodzi, burnt sienna theka la gawo. Mbali yowala: white magawo asanu, yellow ochre ndi burnt sienna timadontho, ultramarine pang'ono kuti isafiire ngati njerwa. Kuyambira lero mtundu uliwonse ukuyamba wapakidwa pa kachidutswa ka katoni kopakidwa gesso, n'kudikira mphindi khumi, n'kuuyandikizitsa pa chinsalu usanagwiritsidwe ntchito. Mphindi khumizo ndi zochepa poyerekeza ndi m'mawa wonse womwe watayika.

Mizere yakuda yotsika pa thanthwe, momwe madzi amayenda nthawi ya dzinja, yaikidwa isanu ndi umodzi yokha, ndi burashi youma, mtundu wake wongoderako pang'ono kuposa thanthwe. Pa chithunzi cha pafoni ilipo yambirimbiri, koma ikaikidwa yonse phiri limabwereranso pafupi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: mtsuko ndi lichero

Kukamwa kwa mtsuko kunajambulidwa kosongoka m'mbali ngati diso la munthu. Chinthu chozungulira chikaonedwa chammbali sichikhala ndi makona. Nsonga zake ziwiri zimakhota mofewa. Kwakonzedwa pojambula mzere woima pakati pa mtsuko ndi wina wopingasa pakamwa, n'kuyeza kuti mbali zonse zifanane. Kuika chithunzi pa kalilole kumaonetsa kupendeka komwe diso lazolowera.

Dongo lootcha ndi burnt sienna, yellow ochre ndi white, ndipo madontho akuda a moto apakidwa ndi burnt umber ndi ultramarine, m'mbali mwake mofafanizika. Mtsuko sunyezimira, choncho sunalandire kadontho koyera ngati mango.

Lichero silinalukidwe nsungwi imodziimodzi. Lapakidwa kaye ngati mbale wamba, kowala ndi kodera, kenako maluko aonetsedwa malo awiri okha: pamkombero wa kutsogolo ndi pomwe kuwala kukusanduka mthunzi. Kwinako diso limamaliza lokha.

Tsiku la 7 ndi la 8: tiyi

Kubiriwira kwa tiyi kumavuta chifukwa n'koona kuti ndi kowala kwambiri, koma kukapakidwa kofanana munda wonse kumaoneka ngati kapeti ya pulasitiki. Munda wagawidwa patatu. Kutsogolo: cadmium yellow magawo atatu, ultramarine gawo limodzi, osaikamo white, chifukwa white amaziziritsa kubiriwira n'kukusandutsa kotuwa. Pakati: yellow ochre walowa m'malo mwa theka la cadmium yellow. Kutali, pansi pa phiri: mtundu womwewo wosakanizidwa ndi penti wotsala wa mthunzi wa phiri, kuti munda ndi phiri zipume mpweya umodzi.

Tiyi amadulidwa pamwamba kukhala ngati tebulo lofika m'chiuno, ndiye chomwe chimalandira dzuwa ndi pamwamba pakepo. Mdima uli m'tinjira ta pakati pa mizere. Tinjirato tapakidwa ndi ultramarine, burnt umber ndi chikasu pang'ono, totakata kutsogolo, tikuchepa ndi kuyandikana tikamapita kutali, mpaka kuzimiririka chapakati pa munda. Burnt sienna wa pansi uja wasiyidwa kuti azisuzumira apo ndi apo, ndipo akuoneka ngati dothi lofiira la m'munda popanda kulipaka.

Masamba enieni ali pa masentimita 6 a pansi penipeni basi, timikwasu tifupitifupi ta burashi yaing'ono. Mitengo iwiri ya kumanja ndiyo yalandira mdima wonse wa chithunzi. Itangoikidwa, phiri labwerera m'mbuyo lokha osalikhudza.

Tsiku la 9: kusamutsa galu

Pa zithunzi za pafoni zomwe zinalipo, zambiri sizikanathandiza. Zojambulidwa ndi fulashi zawalitsa maso ngati tochi n'kufafaniza mithunzi. Zojambulidwa munthu ataima, foni ili pafupi ndi mphuno, zakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu. Chosankhidwa chinajambulidwa pakhonde, pa mthunzi wowala, foni ili pa msinkhu wa maso a galu, patali mamita awiri.

Chasindikizidwa pa pepala n'kudulidwa kukhala masentimita 20 mbali zonse, n'kugawidwa m'timabokosi ta masentimita 2.5. Pa chinsalu timabokosi ndi ta masentimita 5, tojambulidwa ndi choko kuti tidzafufutike ndi kansalu konyowa. Pensulo yolimba imaonekera pansi pa penti wopyapyala.

Kufanana kwa galu wopakidwa ndi galu weniweni wa pa chithunzi cha pafoni kuli pa miyeso itatu: mtunda wa pakati pa maso, mtunda wochoka pa maso kufika pa nsonga ya mphuno, ndi pomwe makutu amerera. Miyeso imeneyi yayezedwa ndi rula kawiri. Diso likasuntha mamilimita atatu okha, mwini galu amati ndi galu wabwino koma si wake.

Tsiku la 10 ndi la 11: ubweya wakuda

Galu wakuda sapakidwa ndi penti wakuda thupi lonse. Ultramarine ndi burnt umber magawo ofanana amapereka mdima wokwanira, ndipo ubwino wake ndi wakuti umatha kukokeredwa ku buluu kapena ku bulawuni. Mdima weniweni umenewu waikidwa malo ochepa: mkati mwa makutu, pansi pa chibwano, m'mphuno, m'mbali mwa kamwa ndi mozungulira maso. Kwina konse ndi mitundu itatu ya phulusa lodera. Pamwamba pa mutu ndi pamsana pa mphuno, pomwe ubweya ukulandira kuwala kwa thambo, phulusalo lakokeredwa ku buluu. Pansi pa masaya, pomwe kuwala kukubwerera kuchokera pansi, lakokeredwa ku bulawuni ndi burnt sienna.

Mutu wapakidwa kaye ngati wosemedwa pa mtengo, zigamba zazikulu ndi burashi ya masentimita 2, popanda tsitsi ngakhale limodzi. Cholakwika cha tsiku la 10 chinali kufulumira kuika ubweya. Timizere toyera tambirimbiri tinapakidwa pamphumi ndi pamasaya, ndipo galu wa zaka ziwiri anaoneka nkhalamba ya imvi. White anachuluka, komanso timizereto tinali totalika mofanana n'kuloza kumodzi ngati udzu wofolera.

Pa tsiku la 11 pamphumi ponse paphimbidwa ndi koti yopyapyala ya ultramarine ndi burnt umber, yosungunulidwa ndi madzi omata ogulitsidwa pamodzi ndi akriliki, osati madzi a pampopi okha. Timizere tazimirira koma sitinatheretu, ndipo tsopano tikuoneka ngati ubweya wa pansi. Pamwamba pake paikidwa ubweya wochepa, wotsata momwe umamerera: waufupi kwambiri pa mphuno, wochoka pakati pa maso kumwazikira kumakutu, wautali ndi wopindika pakhosi. Kuwala kowala koposa pa ubweya wonse sikunapitirire mtundu wa phulusa la pakati. Ukakuika pa pepala loyera kumaoneka kodera, koma pa galuyo kukunyezimira.

Timadontho tiwiri tofiirira ta pamwamba pa maso ndi burnt sienna ndi yellow ochre, m'mbali mwake molowana ndi ubweya wakuda. Tikakhala ndi malire akuthwa timaoneka ngati mabatani.

Tsiku la 12: maso ndi mphuno

Diso lililonse layamba lonse lakuda. Litauma, chozungulira cha bulawuni chapakidwa ndi burnt sienna, kumtunda kwake kodera chifukwa cha mthunzi wa chikope. Kuwala kukuchokera kumanzere chakumtunda, ndiye kadontho kowala kali kumanzere chakumtunda m'maso onse awiri. Mbali ya bulawuni yowala koposa, yothiridwa yellow ochre, ili moyang'anana ndi kadonthoko, kumanja chakumunsi, chifukwa kuwala kumalowa mbali imodzi n'kukawalitsa inayo. Kadontho ka diso la kumthunzi kachepetsedwa ndi kuderetsedwa. Timadontho tiwiri tofanana ndendende timachititsa galu kuoneka ngati chidole.

Choyera cha diso la galu chimaoneka pang'ono pakona pokha, ndipo chapakidwa ndi phulusa lofiirira, osati white.

Mphuno ili ndi pamwamba, kutsogolo ndi pansi ngati kabokosi. Pamwamba ndi phulusa la buluu, logogodedwa ndi nsonga ya burashi youma kuti lioneke la timatuza. Kunyowa kwaonetsedwa ndi timadontho titatu m'mphepete mwa bowo la kumanzere. Ndevu zakokedwa pomaliza ndi burashi yaitali yopyapyala, kamodzi kokha iliyonse, zinayi mbali imodzi, zitatu mbali ina.

Tsiku la 13: penti wosupuka

Pa hadibodi, tepi yomwe inamatidwa kuti mzere wa tebulo uwongoke yasupula penti wa kumbuyo kwa mtsuko pochotsedwa. Pamalopo penti anasungunulidwa ndi madzi ochuluka, oposa theka, moti zomata zinachepa, utoto n'kungokhala pamwamba ngati fumbi. Komanso tepi inamatidwa penti atauma pamwamba pokha, patangopita ola limodzi. Pasalazidwa ndi sandipepa yosalala, papakidwa gesso pang'ono, n'kubwezeretsa mtundu. Tepi iyenera kudikira tsiku lathunthu, kuyamba yamatidwa pa malaya kuti guluu wake achepe mphamvu, ndi kuchotsedwa mopendeketsa penti watsopano asanaumitsitse.

Maburashi awiri awonongeka sabata ino. Penti anaumira m'tsinde mwa tsitsi, pomwe lalowa m'chitsulo, ndipo tsitsilo layanzika. Akriliki akauma sasungunukanso ndi madzi. Burashi yogwiritsidwa ntchito igone m'mbale ya madzi osaya, isaimikidwe chamutu m'botolo chifukwa nsonga imapindika, ndipo madzulo ichapidwe ndi sopo wamtanda mpaka thovu lituluke loyera.

Tsiku la 14: pomwe zafika

Chithunzi cha mango chatha. Phiri latsala malo amodzi: malire a thanthwe ndi thambo ndi akuthwa kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ngati phiri ladulidwa ndi lumo. Afewetsedwa kumanja ndi kamtambo kopyapyala ka burashi youma, n'kusiyidwa akuthwa pa Chambe pokha, pomwe diso likuyenera kufikira. Pa galu khutu la kumanja likusowa chifukwa kumbuyo kwake n'kodera mofanana nalo. Kumbuyoko kuwalitsidwa pang'ono, khutulo osalikhudza.

Zikatha izi, zithunzi zonse ziima moyang'ana kukhoma sabata imodzi, potalikirana, chifukwa akriliki awiri akagundana kukutentha amamatirirana. Kenako vanishi wa madzi, makoti awiri opyapyala, chithunzi chitagonekedwa pa tebulo m'chipinda chosesedwa dzulo lake kuti fumbi likhale litatsika. Galu alandira vanishi wonyezimira pang'ono, popeza wosanyezimira amatuwitsa mitundu yakuda. Mvula ikagwa tsiku limenelo vanishi adikira, chifukwa pa chinyezi amachedwa kuuma ndipo amatha kuchita chifunga.